Bulu Wosayang'ana Anthu

Alamu anga, amuna awo a achemwali, anali mmisiri wolemba zikwangwani. Dzina lawo lobadwa nalo linazimirira kalekale m'kamwa mwa anthu. Tauni yonse inkangoti a Bulashi, ndipo iwo ankavomera. Anali aatali, ochepa thupi, a mawu apansipansi ngati munthu woopa kudzutsa khanda. Zikhadabo zawo sindinazionepo zoyera. Ngakhale tsiku la ukwati wawo, pogwira dzanja la achemwali, m'mphepete mwa chala chachikulu munali kapenti kobiriwira, ndipo achemwali anawakumbutsa zimenezi mpaka imvi.

Ine ndi iwo tinkagawana shedi imodzi kuseri kwa msika. Iwo anali mbali ya kum'mawa ndi zitini zawo, matabwa ndi makwerero, ine mbali ya kumadzulo ndi njinga za anthu zimene ndinkakonza. Pakati panali benchi ya thabwa limodzi, yoterera ndi kukhalidwa. Iwo ankanditcha a Sipoko. Ine ndinkawatcha maina ambiri, monga achitira mlamu, ndipo ena sindingawalembe pano.

Ntchitoyi anaiphunzira ali mnyamata kwa nkhalamba ina yolemba manambala pa malole. Munthu akabwera kudzafuna chikwangwani, alamu ankafunsa mafunso omwewomwewo: "Mukugulitsa chiyani? Nanga mukufuna munthu achione ali pati, tsidya la msewu kapena pakhomo?" Akayankhidwa, basi, zina zonse sankafuna kumva. Ankamenya mizere ndi chingwe chopaka choko, n'kujambula ndi khala, kenaka penti. Lamulo lawo linali lomwe anasiyiridwa ndi nkhalamba ija, lakuti chikwangwani chosayang'ana msewu n'chakufa. Tsono chilichonse chotuluka m'dzanja lawo chinkakuyang'ana. Mitu ya pa malo ometera tsitsi inkakuyang'ana. Ng'ombe ya pa butchala inkakuyang'ana, ikumwetulira ngati yosadziwa chimene chikuchitika mkatimo. Chinsinsi chake chinali kadontho koyera. Akamaliza zonse ankaviika nsonga ya kamtengo ka machesi mu penti woyera, n'kudontheza m'diso pambali pa mwanadiso, uku akunong'ona kuti, "Dzuka." Ndipo chinthucho chinkadzukadi. Ukapita uku chikukutsata ndi maso, ukabwerera chikukutsatabe.

Kenaka kunabwera makina. Anyamata ena anatsegula shopu yosindikiza zikwangwani pa nsalu za pulasitiki, zonyezimira waliwali. Ukapita m'mawa, madzulo watenga. Alamu sanawatukwane anyamatawo, ankati nawonso ali ndi pakamwa podyetsa. Koma ntchito zawo zinayamba kuphimbidwa imodziimodzi. Mitu ya ometa inapita. Ng'ombe yomwetulira ija anaikhomera pulasitiki kumaso. Ndinazindikira kuti popita kunyumba alamu ayamba kudzera njira yozungulira, ya kuseri kwa sitolo ya matabwa, ndipo nditawafunsa anati miyendo ikufuna kuongoka. Tsiku lina, akutsuka mu palafini bulashi yoti inali yoyera kale, anati, "A Sipoko, anzathu amaikidwa m'manda kamodzi. Ine akundikwirira khoma ndi khoma."

M'nyengo imeneyo ndi mmene kunabwera mayi woyang'anira nyumba ya mabuku, amene ife tinkangoti mayi wa mabuku. Anali msinkhu wa mwana wathu woyamba, woyenda mofulumira ngati wasiya china pamoto. Nyumba ya mabukuyo inkakonzedwa, ndipo m'chipinda chowerengeramo ana munali khoma lalitali lopanda zenera. Akomiti a nyumbayo anali atagwirizana kuti pakhomedwe chithunzi cha makina, koma iye anawachonderera kuti ayambe ayesa dzanja la munthu. Anavomera monyinyirika, n'kuikapo mawu akuti tsiku lodzaona ntchito, wapampando akapanda kukhutira, pulasitiki ikhomedwa pamwamba pake, nkhani yatha.

"Ndiye ndijambulepo chiyani, mayi?" alamu anafunsa, akupukuta manja mu thalauza.

"Bulu, bambo. Bulu wa m'buku ili."

Anatulutsa buku lakale, la chikuto chong'ambika m'makona, limene ana a sukulu akhala akuwerenga mibadwomibadwo. Alamu sukulu anailekeza msanga, tsono buku limenelo linawadutsa. Mayiyo anafotokoza mwachidule. Bulu wamkazi ananyamula mchere wa amalonda. Madzi osefukira anakokolola aulendo onse m'khwawa la pakati pa mapiri. Iye anapulumuka yekha, chishalo cha katundu chili chimangire pamsana, ndipo anayenda m'chipululu nyengo yathunthu, afisi ali pambuyo.

"Wolimba mtima tsono," alamu anatero.

"Kwambiri."

"Nanga ana azimuona ali pati?"

"Akangolowa pakhomo."

"Basi, ndamva."

"Bukuli ndikusiyirani, bambo. Muliwerenge."

"Siyani, mayi, siyani."

Mayiyo atangotembenuka, buku lija analiika pa shelufu n'kusanjikapo chitini cha vanishi.

"Alamu, simuwerenga?" ndinafunsa.

"A Sipoko, ine ndajambula ng'ombe osaiwerenga. Ndajambula nsomba osaiwerenga. Bulu ndi ndani?"

Masiku otsatira ndinkatseka mbali yanga ya shedi n'kupita kukawagwirira makwerero, chifukwa mawondo awo anali atayamba kunjenjemera akakwera pamwamba. Anagwira ntchito ngati mnyamata. Ankaimba mluzu, chinthu chimene ndinali nditaiwala kuti amatha. Pakhoma paja panatuluka bulu wamkulu kuposa chitseko, chifuwa chili nganganga, khosi lili njo, mutu wolunjika kwa wolowa pakhomo. Maso anali aakulu ngati mbale, oyera m'mbali ngati a munthu, nsidze zopindikira m'mwamba. Milomo inali yotseguka pang'ono, mano ali mbee pamzere. Pansi pa chiboda chakutsogolo panali fisi atagona chagada, lilime kunja. Kumbuyo dzuwa linkatuluka, lofiira psuu. Anaviika kamtengo ka machesi, anati "Dzuka," ndipo bulu uja anatiyang'ana tonse awiri.

"Alamu, uyu ndikumudziwa," ndinatero. "Si uja anali pa malo ometera a pafupi ndi depoti? Mwangomuwonjezera makutu."

"Nsanje, a Sipoko. Munthu wokalambira pa matayala angadziwe chiyani za nkhope?"

Mayi wa mabuku atabwera anaima nthawi yaitali, manja kumbuyo. Kenaka anati, "Bambo, dzanja lanu ndi lodala, palibe angatsutse. Koma ndifunseko, buku lija munaliwerenga?"

Alamu anayang'ana ine, ngati ndine ndinasanjikapo chitini.

"Uyu akufuna kuti ndimukonde," mayiyo anapitiriza mofatsa. "Akundiitana. Wa m'bukuyo sadziwa n'komwe kuti ine ndilipo. Akomiti onse anakula ndi buku limeneli, makamaka wapampando. Akadzaona uyu adzaseka, ndipo akatha kuseka adzaitana anthu a misomali. Nthawi ikadalipo, koma si yambiri."

Tinabwerera ku shedi. Alamu anakhala pa benchi, manja ali lende pakati pa mawondo. Achemwali anatipeza choncho atabweretsa chakudya cha masana. Iwo anali telala wa mayunifolomu a sukulu, ankasokera kunyumba, ndipo mwa ana a bambo athu ndi iwo amene anali ndi mutu wa sukulu. Atamva nkhaniyo sanawapepese amuna awo ngakhale pang'ono.

"Mwamujambula akumwetulira? Bulu ameneyo? Abambo inu, safunsa anadya phula. Bwanji osandifunsa ine, woti buku limenelo linandiliza ndili mtsikana?"

"Ndimati bulu ndi bulu, amayi."

"Ndiye mkazi ndi mkazi. Mukanakwatira aliyense wodutsa pamsewu." Anachotsa chitini chija, n'kupukuta bukulo ndi mpango. Pachikuto panali patadindika mkombero wa vanishi. "Idyani, ine ndiwerenga. Iwenso, siya kugogoda njingayo."

Kuyambira pamenepo masana aliwonse achemwali ankakhala pakati pa benchi, magalasi pamphuno, ife uku ndi uku ngati ana a sukulu ya mkaka. Poyamba alamu ankangowadula mawu. Achemwali anawerenga za madzi aja atakokolola anthu ndi abulu ena, uyu atakwera pathanthwe, akunjenjemera, mchere ukusungunuka m'matumba n'kumayenderera m'nthiti.

"Ndiye analira?" alamu anafunsa.

"Sanalembe."

"Nanga anaganiza chiyani poona mbuye wake akupita ndi madzi?"

"Sanalembe, abambo. Akuti anaima mpaka madzi anaphwera, kenaka ananunkhiza pamene panali phazi la munthu uja, n'kuyamba kudya udzu."

"Kudya udzu! Mbuye wake wafa, iye kudya udzu?"

"Anali ndi njala."

"Wolemba ameneyu ndi woumira. Kumupatsa bulu kamsozi kamodzi akanataya chiyani?"

Kunena zoona, nanenso poyamba ndinaona ngati bukulo ndi louma. M'nthano zimene tinakula nazo nyama zimalankhula, zimachita miseche, zimafunsira mbeta. Koma uyu wolembayo sanamubwereke mawu ngakhale amodzi, ngakhale maganizo a munthu. Ankangotiuza chimene mphuno yake yamva, chimene ziboda zaponda, kumene makutu aloza. Mchere utatha kusungunuka chishalo chinatsala chopanda kanthu koma chomangika, ndipo chingwe cha pamimba, chitanyowa n'kuuma, chinayamba kudya khungu. Bulu alibe manja. Ankadzikhula pa miyala ndi pa mitengo, chingwe osaduka. Ntchentche zinabwera. Tsamba ndi tsamba chilondacho chinkakula, ndipo wolembayo sananenepo n'kamodzi komwe kuti timumvere chisoni. Koma ndinaona alamu akudzikanda m'nthiti osadziwa.

Pofika pa afisi, alamu anasiya kudya n'kukonzeka kumva nkhondo. Nkhondo panalibe. Bulu anamva fungo lawo mphepo itatembenuka. Analowetsa mutu mumpata wa miyala, miyendo yakumbuyo ili kukhomo, makutu atagonera m'mbuyo kumvetsera mapazi awo. Fisi mmodzi anayandikira n'kulandira chiboda pachibwano. Enawo anazungulirazungulira mpaka anatopa.

"Ndiye kulimba mtima kwake n'kumeneku? Kuonetsa adani mbuyo?"

"Wafa?" achemwali anafunsa, akuwayang'ana pamwamba pa magalasi.

"Sanafe."

"Ndiye khalani chete."

Anakhaladi chete, ndipo pang'onopang'ono mafunso anatha. Masana ena, achemwali ali pakati powerenga za bulu akufukula madzi mu mchenga wa mtsinje wouma, alamu anakweza dzanja.

"Amayi, tabwerezani paja pali makutu."

"Pati? Makutu ali paliponse."

"N'chimene ndikunena. Munthu ameneyu nkhope ya bulu sakutionetsa. Akaopa, makutu. Akamva madzi, makutu. Akatopa, makutu agwa. Ine zaka zonsezi ndimalemba ndi maso, mnzangayu akulemba ndi makutu."

Tsamba lomaliza ndikulikumbuka ngati dzulo. Bulu uja, atawonda mpaka nthiti kuonekera, anafika pamwamba pa chitunda m'mawa. Kumunsi kunali mudzi wa anthu osawadziwa, utsi ukukwera, tambala akulira, wina akuwaza nkhuni. Kumbuyo kunali chipululu chimene tsopano ankadziwa madzi ake onse. Khutu lina linaloza ku utsi, lina kumbuyo. Kamphepo kanaomba. Achemwali anatseka buku.

"Tsegulani tsamba linalo," alamu anatero.

"Palibe linalo."

"Lathothoka?"

"Latha, abambo."

Sanakhulupirire. Analanda bukulo n'kulipenda kumsana, kufunafuna pamene pang'ambika. Atalephera analibweza mwakachetechete, ndi manja awiri.

M'mawa mwake sanabwere ku shedi. Ndinakawapeza pa bwalo logulitsira mchenga, kumene ngolo za abulu zimatsitsa katundu, atakhala pa njerwa, katoni pamwendo, khala m'manja. Ankaimbira mluzu bulu wina wotuwa kuti awayang'ane. Bulu osatembenuka. Anaomba m'manja. Khutu limodzi lokha linatembenukira kwa iwo, linaima pang'ono, n'kubwerera.

"Mwaona, a Sipoko? Wandimva, wandiyeza, wapeza kuti ndilibe phindu."

"Ndiye ndi wanzeru kuposa achemwali."

"Pitani mukakonze njinga za eni. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Anapitako m'mawa uliwonse mpaka eni ngolo anayamba kuwaganizira kuti akufuna kugula. Makatoni anadzadza m'shedi, ena a makutu okhaokha, ena a mawondo, ena a msana wopindika wa bulu wokalamba. Ine ndinayamba kuda nkhawa, chifukwa tsiku linkayandikira ndipo pakhoma panali pakadali bulu woyamba uja wa nkhope ya pometera, akumwetulira. Anyamata a makina anali atabweretsa kale pulasitiki yawo, yokulungidwa, n'kuiimika pakona m'khonde la nyumba ya mabuku. Aliyense wolowa m'chipinda cha ana ankaidutsa.

Tsiku lofafaniza bulu woyamba alamu anaima kanthawi ndi bulashi yaikulu m'manja. "Ena andikwirira kambirimbiri," anatero. "Aka n'koyamba kudzikwirira ndekha." Anayambira kumaso, kuti asamawayang'ane.

Pa ntchito yachiwiriyi sanaimbe mluzu. Anasakaniza penti wotuwa, mtundu umene moyo wawo wonse ankaunyoza kuti ndi wa anthu opanda chonena. Khoma lonse analidzaza ndi chipululu, miyala, mitengo yaminga, mtsinje wouma ukukhotakhota mpaka kumapiri. Mbali inayo, pansi, anaika madenga ochepa ndi kautsi kopyapyala. Buluyo anamuchepetsa, moti mwana akanatha kumukumbatira. Anaima pachitunda, ife tikumuonera chakumbuyo, cham'mbali pang'ono. Chishalo chinali chitapendekeka. Chingwe chinalowa m'khungu, ndipo m'mbali mwake alamu anapakamo kufiira kwakuda, pang'ono pokha. Khutu lina linaloza ku utsi, lina kumapiri. Diso linkangooneka kachidutswa, kakuda bii, m'mphepete mwa mutu.

Atamaliza mchira ndinaona dzanja lawo likulowa lokha m'thumba la malaya, mmene munkakhala machesi. Analitulutsa, analibwezanso.

"A Sipoko, tengani chitini choyeracho mupite nacho panja."

"Chalakwa chiyani?"

"Dzanjali silimva. Ndikangotembenuka lidontheza."

Ndinachitulutsa. Pobwera ndinawapeza akadali pa makwerero, kamtengo ka machesi kouma kali m'manja, akuyang'ana kadiso kaja.

"Ndikuopa, mlamu," anatero. Sankanditcha mlamu kawirikawiri. "Nkhalamba ija ikanakhala moyo ikanandikwapula ndi chingwe cha choko. Nanga akapanda kudzuka?"

Ndinangogwiritsa makwerero mpaka anatsika.

Tsiku loona ntchito achemwali anavala diresi lawo la kutchalitchi, nanenso ndinasamba kuchotsa girisi wa njinga. Alamu anaima pafupi ndi chitseko, chipewa m'manja. Akomiti analowa motsogozedwa ndi wapampando, mkulu wonenepa amene anapuma ntchito ku positi, wa ndodo ndi mawu odzadza chipinda.

"Aa! Kodi bulu ameneyu tamulakwira chiyani?" anatero atangolowa. "Alendo tabwera, iye kutipatsa mbuyo?"

Anzawo anaseka.

"Tinati chithunzi chokopa ana. Ichi mtundu wake ngati phulusa. Nkhope ili kuti, amisiri?"

"Ili kumene akuyang'ana, bwana."

Wapampando anapukusa mutu n'kucheukira mayi wa mabuku. "Pulasitiki ija ili pafupi?"

"Ili m'khonde, bambo," mayiyo anayankha ndi mawu ochepa.

Alamu anayamba kupinda chipewa chija ngati akuchifinya madzi. Koma mkuluyo, m'malo motuluka, anasendera kukhoma kuti aonetse anzake cholakwika china, ndodo italoza pamimba pa bulu. Ndodoyo inaima m'malere.

"Chingwe ichi," anatero. Poyambiranso mawu anali atatsika. "Chingwe ichi chinandizunza ndili mwana. Ndinkafuna kulowa m'bukumo ndi mpeni wa bambo anga." Anaweramira pafupi. "Apa ndi pachitunda paja. Eya, ndi pomwepa. Koma amisiri, mukanajambula atatsika kale, mtsikana uja akumudula chingwe pachitsime. Pamenepo ndiye pokoma."

"Pepani bambo," achemwali analowerera, "mtsikana wake uti?"

"Wa pachitsime, mayi. Kumapeto."

"Mulibe mtsikana m'buku limenelo."

"Mayi, ine buku ili ndinaliwerenga inu musanabadwe."

"Zikomo pondichepetsa zaka, koma mtsikana mulibe. Bulu ameneyo sanatsike. Atsikirenji kwa anthu omwe anamumanga chingwe? Anabwerera kuthengo, chingwe chinaola chokha ndi mvula."

"Nazonso sanalembe, amayi," alamu anatero chapansipansi.

Achemwali anawayang'ana amuna awo kukamwa kuli yasa. Mayi wina wa m'komitimo anati onse akunama, mwini bulu sanafe ndi madzi aja, anali m'mudzi momwemo ndipo ndiye ankawaza nkhuni. Bambo wina anati ayi, iye amadziwa kuti buluyo anafera pachitunda pomwepo, n'chifukwa chake sanafune kuliwerenganso. Anthu akuluakulu, a imvi zawo, analozana zala m'chipinda cha ana, wina aliyense akulumbira kuti anaziona ndi maso ake papepala. Mayi wa mabuku anatuluka mwakachetechete n'kubwera ndi buku lija, limene tinali titalibweza, la mkombero wa vanishi pachikuto, n'kulipereka kwa wapampando.

Mkuluyo anapachika ndodo pamkono, anavala magalasi, n'kuwerenga tsamba lomaliza mokweza, chala chikutsata mzere. Utsi, tambala, nkhwangwa. Khutu lina uku, lina uku. Kamphepo. Anatembenuza tsamba. Kuseri kunali koyera.

"Ndiye mtsikana uja ndinamuikamo ndekha," anatero. "Zaka zonsezi ndakhala ndikusimbira adzukulu anga za mtsikana wa pachitsime, mpaka mtundu wa diresi lake." Anayamba kuseka, mimba ikugwedezeka, mpaka anavula magalasi kupukuta misozi. Atatha anayang'ana khoma nthawi yaitali, kuchokera kumapiri mpaka ku utsi.

"Amisiri, inuyo mukuti anatsika?"

"Sindikudziwa, bwana. Ine ndamusiya pomwe ndinamupeza."

"Musiyeni pomwepo. Asamukhudze munthu." Anatembenukira mayi wa mabuku. "Pulasitikiyo mukaikhome kumpanda, iziitana anthu a mumsewu. Imeneyo ndiye ntchito yake."

Akomiti anatuluka akukanganabe, achemwali ali pakati pawo, osagonja. Alamu anafufuza pokhala n'kugwera pa kampando ka ana, mawondo kufika pachibwano.

"Dzukani alamu, muthyola mpando wa eni."

"Ndisiyeni pang'ono, a Sipoko. Miyendoyi yamva nkhani mochedwa."

Anakhala ndi moyo zaka zina zingapo, zabwino ndithu. Mbiri ya khoma lija inayenda, ndipo anaitanidwa kukajambula m'chipinda cha ana odwala ndi m'sukulu zina. Kulikonse ankayamba wafunsa ngati pali buku, ndipo likakhalapo achemwali ankavala magalasi. Iwo ndi achemwali sanagwirizanepo za kumene bulu analowera. Mkanganowo ankaudzutsa ngakhale pa tebulo pali alendo, ndipo ine ndinkaikira kumbuyo aliyense amene wandithirira tiyi.

Onse awiri anatsogola, shedi ija inagwetsedwa, ndipo m'tauni simudzapezanso chikwangwani cha dzanja la a Bulashi. Koma nyumba ya mabuku ilipo. Yapakidwa penti kangapo chichokereni iwo, mkati ndi kunja. Opakawo akafika pakhoma lalitali la m'chipinda cha ana amaima, amayang'ana, kenaka amanyamula zitini zawo n'kupita chipinda china.